Kompresa ya AC Ikayamba Kulira: Kupeza Vuto ndi Kukonza Kilatchi Yake

Phokosoli si lonyalanyaza

Galimoto zambiri zomwe mabanja akuyendera masiku ano ndi zoitanitsa ku Japan zitagwirako kale ntchito: Toyota Sienta, Vitz, Probox, Nissan Note, Honda Fit, Mazda Demio ndi zinzake. Zimafika kuno zitatopako kale, kenako n'kukumana ndi fumbi la m'chilimwe, zithaphwi za m'dzinja ndi dzuwa la mu Okutobala, lomwe ku Chikwawa ndi ku Nsanje limaotcha mpaka kupitirira madigiri 40. Chimodzi mwa zipangizo zomwe zimayamba kudandaula msanga ndi kilatchi ya kompresa ya AC. Iyi si kilatchi yoponda ndi phazi posintha magiya ija ayi. Ndi ina yaing'ono yokhala kumaso kwa kompresa, ndipo ngakhale galimoto ya automatic ili nayo.

Phokoso likayamba, ambiri amangozimitsa AC, kutsitsa magalasi, n'kumati nkhani yatha. Siinathe. Pule ya kompresa imazungulira nthawi yonse yomwe injini ikulira, kaya AC mwayatsa kaya simunayatse, choncho bearing yomwe ili mkati mwake imangodyekabe. Tsiku lomwe idzajame, lamba adzapsa kapena kuduka. Pa galimoto zambiri zazing'onozi, lamba yemweyo ndi amene amazunguzanso alternator ndi pampu ya madzi. Iye akaduka, batire limaleka kulandira moto, injini imatentha, ndipo vuto la kachipangizo kokwana m'dzanja limasanduka la injini yonse, mwina muli pakati pa ulendo usiku ndi ana m'galimoto.

Palinso nkhani ya ndalama. Kompresa yathunthu ndi yodula, ndipo poisintha pamafunika kutulutsa gasi yense n'kudzathira wina. Kilatchi imakonzeka popanda kumasula paipi ya gasi ndi imodzi yomwe. Munthu amene wadziwa kusiyanitsa ziwirizi sagula kompresa pamene chatha ndi bearing yokha.

Mmene kilatchiyi ilili

Tsegulani boneti, tsatirani lamba ndi maso mpaka mupeze chipangizo chomwe chili ndi mapaipi awiri olowa m'mwemo, ina yokulirapo ina yaing'ono. Imeneyo ndiye kompresa, ndipo kawirikawiri imakhala chakumunsi kwa injini. Kumaso kwake kuli zinthu zitatu:

- Pule, yomwe lamba amadutsapo. Yakhala pa bearing ya mizere iwiri ya timipira tachitsulo, yotsekedwa ndi girizi wake mkati.
- Puleti, yomwe ili kunja kwenikweni, yomangidwa ndi bawuti imodzi ku shafiti ya kompresa. Ili ndi labala kapena tizitsulo tofewa toilola kusuntha pang'ono.
- Koyilo, yobisika kuseri kwa pule. Siizungulira. Ikalandira magetsi a mavoti 12 imasanduka maginito.

AC ikakhala yozimitsa, pule imazungulira yokha, puleti ili phee. Mukayatsa, maginito amakoka puleti kuti imatirire ku pule, mumamva kuti "kha!", ndipo zonse zimayamba kuzungulira limodzi. Pakati pa puleti ndi pule pamayenera kukhala kampata kochepetsetsa, pa kompresa zambiri kuyambira 0.3 mm mpaka 0.8 mm. Kampataka kamakhazikitsidwa ndi tiwashala topyapyala totchedwa shim, tokhala kunsonga kwa shafiti. Tikumbukireni timeneti, chifukwa ntchito yambiri imaonongekera pa ito.

Galimoto zina zilibe kilatchi yotere. Volkswagen, Mercedes-Benz ndi Toyota zina zili ndi kompresa yomwe pakati pake pamazungulira nthawi zonse, osamveka "kha!". Galimoto za hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius zambiri zili ndi kompresa ya magetsi amphamvu, yopanda lamba, yokhala ndi mawaya a mtundu wa olenji. Imeneyo musaigwire n'komwe, magetsi ake amapha.

Yambani ndi kumvetsera

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagwire sipanala, imikani galimoto pamalo a bata, kokani handibuleki, lizani injini, zimitsani wailesi, ndipo pemphani munthu wina akhale mkati kuti aziyatsa ndi kuzimitsa AC inu mukumvetsera panja. Funso lalikulu ndi limodzi: phokosoli likumveka liti?

*Likumveka nthawi zonse, AC ili yozimitsa kapena yoyatsa.* Ngati ndi kulilima kapena kuwuma kwa "wooo" komwe kukukwera mukaponda mafuta, ganizirani bearing ya pule. Kawirikawiri mawu ake amasintha kapena kuchepa pang'ono AC ikayatsidwa, ndipo izi n'zimene zimapusitsa anthu kuti vuto likuchoka lokha. Bearing ikafika potheratu imachita kukukuta ngati muli mchenga mkati. Mwa mavuto onse a kilatchi, ili ndi limodzi mwa ofala kwambiri.

*Likumveka AC ili yozimitsa, likuleka mukayatsa.* Ngati ndi kukwecha kwa chitsulo pa chitsulo, puleti ikukhuza pule chifukwa mpata wachepa, kapena pule ikugwedera pa bearing yotha. Ngati ndi gwedegwede, labala wa puleti wang'ambika.

*Likumveka pokhapokha AC ikayatsidwa.* Apa pali njira ziwiri. Kulira kwa "kwiii" kosonyeza kuterereka kumachokera kwa lamba womasuka kapena wokalamba, kapena ku puleti yomwe siikugwira bwino chifukwa mpata wakula, padontha oyilo, kapena magetsi akufika ochepa ku koyilo. Nthawi zina mumamva fungo la chinthu chopserera. Koma ngati ndi kugogoda kapena kukukuta kochokera m'thupi la kompresa, vuto lili mkati, ndipo kusintha kilatchi n'kutaya ndalama chabe.

*Kilatchi ikungoti kha! kha! kha! pakangopita timasekondi tochepa.* Kugwira ndi kusiya mwa apo ndi apo n'kwabwinobwino, ndi mmene AC imadzitetezera kuti isaundane. Koma kukachuluka chonchi, kawirikawiri gasi wachepa. Kilatchi ilibe mlandu, ngakhale kuti ikapitiriza chonchi idzathadi.

*AC ikuzizira m'mawa, ikuleka masana injini ikatentha.* Koyilo ikatentha, maginito ake amafooka, ndipo ngati mpata wakula sangathe kukoka puleti. Ena amayesa pogogoda puleti pang'ono ndi nsonga ya ndodo yaitali AC ili yoyatsa: ikagwira nthawi yomweyo, ndiye kuti mpata ndi umene wakula. Vuto ili ndi lotchipa kuposa onse, chifukwa limatha pongochotsa ka shim kamodzi.

Yang'ananinso fani ya kutsogolo kwa injini. AC ikayatsidwa, fani iyenera kuzungulira. Ikafa, kapena condenser yomwe ili kutsogolo kwa rediyeta ikatsekeka ndi matope, udzu ndi tizilombo, gasi amapanikizika kwambiri, kompresa imalemera, ndipo lamba ndi kilatchi zimayamba kulira ngakhale zili zabwino.

Chotsani lamba kuti mutsimikize

Khutu limanama, chifukwa phokoso limayenda m'zitsulo. Alternator, pampu ya madzi ndi timapule tokoka lamba tili ndi ma bearing awonso, ndipo onse akatha amalira mofanana. Dzanja ndi lomwe limanena zoona.

1. Zimitsani injini, chotsani kiyi, dikirani izizire.
2. Jambulani pa foni mmene lamba wadutsira pa mapule onse. Mukamuchotsa mudzaiwala.
3. Masulani lamba, muchotseni.
4. Zunguzani pule iliyonse ndi dzanja. Yabwino imazungulira mosalala, mwakachetechete, n'kuima msanga. Yotha imamveka khwekhwerere, imagwiragwira, kapena imangothamanga nthawi yaitali ikulira chifukwa girizi anauma.
5. Gwirani pule ya kompresa ndi manja awiri, muyese kuipendeketsa uku ndi uku. Siyenera kugwedera.
6. Tsopano zunguzani puleti yokha. Apa mukuzunguza kompresa yeniyeniyo. Iyenera kuyenda molemera pang'ono koma mosalala. Ikakana kusuntha, kompresa yajama.
7. Unikani ndi tochi kuzungulira puleti. Fumbi lofiira ngati dzimbiri limasonyeza kuterereka. Chitsulo chosanduka chabuluu kapena pulasitiki wosungunuka zimasonyeza kuti panatentha kwambiri. Oyilo wonyowa, nthawi zina wobiriwira, amasonyeza kuti gasi akudontha pa shafiti.
8. Yezani mpata ndi feeler gauge malo atatu mozungulira. Ngati mulibe, khadi la ATM ndi lochindikala 0.76 mm: likamalowa mosavuta n'kumagwedera, mpata wakula.
9. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, zulani pulagi ya koyilo muyeze. Koyilo yabwino imaonetsa ma ohm apakati pa 3 ndi 5. Ikaonetsa pafupi ndi ziro, kapena osaonetsa kanthu, yapsa.

Mukapeza kuti kompresa yajama, kapena pa shafiti pakudontha oyilo, imani pomwepo. Imeneyo ndi ntchito ya amisiri a AC okhala ndi makina okoka ndi kuthira gasi. Mukapeza kuti vuto ndi bearing, mpata, puleti kapena koyilo, pitirizani.

Zofunika kukhala nazo

- Masoketi ndi masipanala, makamaka a 10, 12 ndi 14
- Pulayala yochotsera ma circlip, ya nsonga zotsegula kunja
- Feeler gauge
- Chokokera pule, kapena hamala ya labala ndi kathabwa kolimba
- Jeke ndi zochirikizira galimoto zachitsulo
- Sandipepala wosalala, nsanza yoyera ndi mankhwala otsukira mabuleki
- Kambale koikamo tizipangizo tating'ono
- Bearing yatsopano, kapena kilatchi yonse

Musagule bearing musanachotse yakale. Kompresa zimasiyana ngakhale pa galimoto za dzina limodzi: ina Denso, ina Sanden, ina Calsonic. Nambala imalembedwa m'mbali mwa bearing. Mwachitsanzo, 30BD5222 ndi ya bowo la 30 mm, kunja 52 mm, kuchindikala 22 mm. Tengani yakaleyo m'manja popita kosaka, kaya ndi ku Malangalanga ku Lilongwe kaya ku Limbe, ndipo muziyerekeze pamaso panu. Bearing wamba ya mzere umodzi, ngakhale italowa bwino, siikhalitsa pamalo amenewa.

Kumasula

1. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, ikani miyala kumatayala akumbuyo.
2. Chotsani waya wa negative pa batire.
3. Ngati kompresa ili munsi, kwezani galimoto, ichirikizeni, chotsani tayala la mbali yomwe kuli lamba ndi pulasitiki wotchinga mkati mwake.
4. Onani ngati pali malo okwanira kutulutsa pule. Ngati palibe, masulani mabawuti atatu kapena anayi omwe agwira kompresa ku injini, ipendeketseni mapaipi ali chilumikizire, n'kuimangirira ndi waya kapena chingwe. Isalendewere pa mapaipi ake.
5. Gwirani puleti kuti isazungulire. Pali chida chake, koma lamba wakale womuzengereza mozungulira n'kumukoka mwamphamvu amagwiranso ntchito. Masulani bawuti ya pakati. Pa kompresa za Denso kawirikawiri ndi ya sipanala ya 10.
6. Kokani puleti molunjika. Ina imatuluka ndi dzanja, ina ili ndi mazinga oti mulowetsemo bawuti yokulirapo kuti iikankhe. Musaipane ndi sikuludiraiva mbali imodzi, ipindika.
7. Apa chenjerani. Ma shim amatsalira kunsonga kwa shafiti kapena kumatirira m'bowo la puleti, ndipo amagwa mosamveka. Yalani nsalu yoyera pansi musanakoke. Awerengeni, aikeni m'kambale. Akagwera m'dothi la pabwalo, mutha tsiku lonse mukusefa mchenga.
8. Chotsani circlip yomwe yagwira pule. Onetsetsani mbali yomwe inayang'ana kunja.
9. Kokani pule. Ikakana, gwiritsani ntchito chokokera, koma nsonga yake isatsamire pa shafiti popanda chotchinga. Mukhozanso kuigogoda pang'onopang'ono kuseri ndi hamala ya labala, mukusinthasintha mbali.
10. Ngati koyilo ndi yabwino, isiyeni pomwepo. Ngati yapsa, zulani waya wake, chotsani circlip yachiwiri, ikokeni.

Tsopano yang'anani mphuno ya kompresa, pomwe bearing inakhala. Ndi ya aluminiyamu, ndipo bearing ikakhala itajama n'kumazungulira pomwepo, imaidya. Mphuno yodyeka siigwiranso bearing yatsopano. Zikatero kompresa iyenera kusinthidwa, ngakhale mkati mwake muli bwino. Apa ndi pamene kuchedwa kumalipiritsa.

Kusintha bearing

Bearing siimangokhala mu pule, inachita kukhomereredwa. Mukayang'ana m'mphepete muona timalo tingapo pomwe chitsulo cha pule anachipinda kuti chiitsekere. Palani timalo timeneti ndi tchizulo yaing'ono kapena fayilo, apo ayi yakale siituluka, ndipo yatsopano idzalowa mopotoka.

Njira yabwino ndi kupita ndi pule kwa amene ali ndi makina opanira ma bearing. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ngati mukuchita nokha, gonekani pule pa thabwa kapena pa paipi yaikulu yoichirikiza pafupi ndi pakati, osati m'mphepete, kuopa kuipinda. Tulutsani yakale ndi soketi yaikulu. Polowetsa yatsopano, mphamvu yonse ipite pa mkombero wakunja wa bearing. Mukakhoma pa mkombero wamkati, timipira timaboola tinjira take, ndipo bearing yatsopano idzalira sabata yomweyo. Mkombero wakunja wa bearing yakale ndi chida chabwino chokankhira yatsopano, chifukwa ndi zofanana. Ikafika pansi, khomani m'mphepete ndi panchi malo atsopano angapo kuti itsekeke monga kale.

Kenako onani nkhope ziwiri zomwe zimakhudzana, ya pule ndi ya puleti. Timizere tochepa ndi dzimbiri la pamwamba si vuto: pukutani ndi sandipepala pang'ono, tsukani, ziume. Koma ngati pali ngalande zozama, ming'alu, kapena labala wa puleti wasweka, gulani kilatchi yonse. Puleti yatsopano pa pule yokumbika siigwira bwino.

Kumanga

1. Bwezerani koyilo. Kuseri kwake kuli kachitsulo kotuluka kolowa pa kabowo ka pa kompresa, kuti koyilo isazungulire. Onetsetsani kuti kalowa, ndipo waya wadutsa momwe unadutsira, kutali ndi pule.
2. Ikani circlip ya koyilo, mbali yosongoka m'mphepete iyang'ane kunja. Ikanikizeni mozungulira mpaka ikhale mu ngalande yake yonse.
3. Lowetsani pule molunjika. Ulendo uno mphamvu ipite pa mkombero wamkati wa bearing. Ikani circlip yake, nayonso mbali yosongoka kunja.
4. Zunguzani pule. Isakhuze koyilo paliponse.
5. Bwezerani ma shim onse monga analili, ikani puleti, mangani bawuti.
6. Yezani mpata malo atatu. Pa kompresa za Denso funani wa pafupifupi 0.5 mm. Ukakula, chotsani shim imodzi kapena ikani yopyapyala. Ukachepa, onjezerani. Mwina mumasula ndi kumanga kawiri katatu, palibe cholakwika.
7. Mangitsani bawuti ya pakati, koma mwanzeru. Ndi yaing'ono, pa Toyota zambiri imafuna mphamvu ya pakati pa 13 ndi 18 Nm basi. Ikathyokera mu shafiti mwadziputira ntchito ina yaikulu.
8. Bwezerani kompresa, pulagi ya koyilo, lamba motsatira chithunzi chija, tayala, kenako waya wa batire. Lamba ngati ndi wong'aluka kapena wonyezimira, ikani watsopano.
9. Lizani injini AC ili yozimitsa, mvetserani. Puleti iyenera kukhala phee. Kenako yatsani ndi kuzimitsa AC maulendo khumi kapena kuposerapo, mukudikira masekondi angapo pakati, kuti nkhope ziwiri zija zizolowerane.
10. Yendani mpaka injini itenthe, muone ngati kilatchi ikugwirabe.

Chenjezo

- Musamasule paipi ya gasi. Gasi wa AC wa R134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, ndipo akakuthirani amaumitsa khungu ngati lapsa. M'maso akhoza kuchititsa khungu losaona. Akakugwerani, tsukani ndi madzi ambiri ofunda pang'ono, osatikita, n'kuthamangira kuchipatala.
- Musaotcherere kapena kuyatsa moto pafupi ndi mapaipi a AC. Gasiyu akapsa amatulutsa utsi wapoizoni.
- Injini ikamalira, manja, malaya otaya, tayi, mpango ndi chitenje zikhale kutali ndi lamba. Fani imatha kuyamba yokha mosachenjeza.
- Musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhala pa jeke yokha, kapena pa njerwa. Njerwa imaphwanyika mwadzidzidzi.
- Ana asasewere pafupi, ndipo kiyi akhale m'thumba mwanu pamene manja anu ali mu injini.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

*Kupopera oyilo kapena WD-40 pa kilatchi.* Phokoso limachepa tsiku limodzi kapena awiri. Koma mankhwalawo amasungunula girizi wotsala mu bearing, ndipo akafika pa nkhope ya puleti, kilatchi imaterereka n'kutentha mpaka kuotcha koyilo.

*Kuzula pulagi ya koyilo kuti phokoso lithe.* Izi zimathandiza pokhapokha ngati phokoso limamveka AC ikayatsidwa. Bearing ya pule siidziwa za pulagi, imazungulirabe.

*Kuchotsa ma shim onse.* Ena akamva kuti mpata wakula amangochotsa tonse. Puleti imayamba kukhuza pule nthawi zonse, kutentha kumakwera mu shafiti, n'kuononga labala wotseka gasi.

*Kuotcherera puleti ku pule, kapena kulumikiza koyilo molunjika ku batire.* Kompresa imazungulira osapuma, ndipo zonse zomwe zimaiteteza gasi akachepa kapena akapanikizika zimakhala zopanda ntchito. Mapeto ake ndi kujama kapena kuphulika kwa paipi.

*Kuika fyuzi yaikulu kapena kawaya m'malo mwa yopsa.* Fyuzi ya AC ikamapsa mobwerezabwereza, kawirikawiri koyilo ndi yomwe yaonongeka mkati. Kawaya kamapulumutsa fyuzi n'kuotcha mawaya a galimoto.

*Kuthira gasi chifukwa cha phokoso.* Gasi sachiza bearing. Wochuluka amalemetsa kompresa. Pansi pa boneti pali kapepala konena mtundu wa gasi ndi magalamu ake, pa galimoto zazing'ono zambiri pakati pa 350 ndi 550. Wothira ayeze pa sikelo, asamangoti "wakwana" pogwira paipi. Ndipo musalole gasi wophikira kapena wa R22 wa ma AC a m'nyumba.

Mukapita kwa amakaniko

Si aliyense amene ali ndi zida kapena nthawi, ndipo kupereka ntchitoyi kwa mmisiri si kulephera. Chofunika n'chakuti mupite mukudziwa chomwe mukufunsa. Mukamva kuti, "Bwana, kompresa yapita iyi, tingosintha yonse," musakangane, ingoyankhani kuti, "Chabwino achimwene, koma tachotsani kaye lamba tizunguze ndi dzanja tione limodzi." Mmisiri wodziwa ntchito sakana zimenezo, chifukwa n'zimene iyenso amachita. Pemphani kuti gasi asatulutsidwe pokhapokha zitatsimikizika kuti vuto lili mkati, ndipo zipangizo zakale akupatseni.

Kompresa yogwiritsidwa kale ntchito imatha kukhala njira yotchipa yopezera kilatchi yonse. Musanalipire, zunguzani pule yake pafupi ndi khutu, yezani koyilo, werengani ngalande za lamba pa pule ngati zikufanana ndi zanu, ndipo onani pulagi. Mukhoza kusamutsa kilatchi yokha n'kusiya kompresa yanu pamalo pake, gasi wake osakhudzidwa.

Kuti isathe msanga

Madzi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimapha bearing imeneyi msanga, chifukwa kompresa ili munsi. M'dzinja, pazithaphwi zozama yendani pang'onopang'ono, AC mutazimitsa. Kotsukitsa galimoto, auzeni anyamata asalozetse madzi amphamvu pa kompresa ndi pa alternator. Condenser yokha ndiye muziitsuka ndi madzi ofatsa, kuti tizitsulo take topyapyala tisapindike.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi muziyatsabe AC kwa mphindi khumi kamodzi pa sabata. Oyilo wa kompresa amayenda limodzi ndi gasi, ndipo AC ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, malabala amauma, nkhope ya puleti imachita dzimbiri.

Ikajama muli pa ulendo

Zizindikiro zake ndi kulira kwa lamba kosalekeza, fungo la labala wopsa, utsi wochokera m'boneti, kapena nyali yofiira ya batire pa dashibodi. Zimitsani AC nthawi yomweyo, patukani pamalo abwino, zimitsani injini.

Ngati lamba akadalipo, dikirani zizizire, kenako lizaninso injini AC ili yozimitsa. Pule ikamazungulira bwino, ndiye kuti chajama ndi mkati mwa kompresa: zulani pulagi ya koyilo kuti wina asayatse mwangozi, ndipo mukhoza kupitiriza ulendo. Kumbukirani kuti pa galimoto zambiri batani lochotsa nthunzi pa galasi lakutsogolo limayatsanso kompresa.

Ngati pule yeniyeniyo yaima, lamba akungotererapo, musayendenso. Onani ngati kompresa ili ndi lamba wakewake, monga zilili pa galimoto zambiri zakale ndi ma pickup ena. Ngati ndi choncho, muchotseni kapena mduleni, n'kumapita. Ngati lamba ndi mmodzi wozunguza zonse, pa injini zina amakaniko amatha kuika wamfupi wolambalala kompresa kuti mukafike. Zikakanika, kokani galimotoyo. Injini yopanda pampu ya madzi imatentha m'mphindi zochepa, ndipo singano ya pa dashibodi ikamafika pofiira, mutu wa injini ukhoza kukhala utayamba kale kupindika.